Musanalipire nyumba, wina alowe m'siling'i

Tikamayendera nyumba yoti tigule, maso athu amathera pa zinthu zimene zili pa msinkhu wathu. Timatsegula zitseko n'kutsekanso, timapotokola mpopi kuti tione mphamvu ya madzi, timawerenga zipinda, timagogoda matailosi a pansi. Denga timangoliponyera diso tili panja, tikaona kuti lilipo ndipo penti wake akuwala, basi nkhani yatha. Komatu pa zonse zimene tikugulazo, dengalo ndi limene lakhala likupsa ndi dzuwa, kumenyedwa ndi mvula ndi kukokedwa ndi mphepo kuyambira tsiku limene linakhomedwa. Ndipo likatopa silivutika lokha. Limawononga siling'i, mawaya a magetsi, pulasitala, makabati, zovala, ngakhalenso chifuwa cha mwana amene akugona m'chipinda chonunkha nkhungu.

Ine ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti munthu asalipire nyumba, kaya yakale kaya yongomangidwa kumene, katswiri woyendera madenga asanaione. Koma si aliyense wokhala ndi makwerero amene angagwire ntchito imeneyi, ndipo pamenepo ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama kawiri.

Tiyambe ndi kuchuluka kwa madzi amene denga limalandira, chifukwa ambiri sitinawerengerepo. Mvula ya milimita 1 ikagwa pa sikweya mita imodzi imasiya lita imodzi ya madzi. Ndiye kuti nyumba ya denga la masikweya mita 120 ikagwedwa mvula ya mamilimita 30, imene si yachilendo n'komwe, dengalo lalandira malita 3,600. Madzi onsewo ayenera kutsetsereka, kudutsa molumikizira malata kapena matailosi, kuzungulira paipi iliyonse yotulukira pamwamba, kukalowa m'ngalande za m'mbali n'kukagwera kutali ndi maziko. Pakangopezeka kabowo kamodzi panjira imeneyi, madzi sakaphonya.

Chovuta n'chakuti madzi akalowa sagwera pomwepo. Amatsata thabwa, n'kuyenda nalo mamita angapo, kenako amadumphira pa lina, n'kukadonthera pamwamba pa siling'i kutali ndi pamene analowera. Kumeneko amayamba anyowetsa, kuuma, kunyowetsanso, mwina nyengo ziwiri kapena zitatu za mvula, banga lisanaonekere kunsi. Choncho banga lofiirira limene timaliona pa siling'i si chiyambi cha vuto. Pamene likuonekera, thabwa lina lakhala likumwa madzi kwa nthawi yaitali. Matabwa akakhalitsa ndi chinyezi choposa 20 peresenti amakhala pa ngozi ya kuola, ndipo thabwa lonyowa limakopanso chiswe. Wogulitsa nyumba, ngakhale wa mtima wabwino, amapaka penti asanaitane ogula. Sindikunena kuti onse amabisa dala. Ambiri sadziwa n'komwe zimene zili pamwamba pa mitu yawo. Koma penti wa dzulo amafafaniza chizindikiro chokhacho chimene munthu wamba akanatha kuona ali m'chipinda.

Nthawi ina mlongo wanga anapeza nyumba imene anaikonda kwambiri, ndipo anandipempha kuti ndikakhalepo tsiku limene katswiri ankaiyendera. Anali bambo wachikulire, wosachulutsa mawu. Sanayambe n'kutsitsa makwerero ayi. Anayamba wachoka panyumbapo n'kukaima chapatali, kuyang'ana msana wa dengalo ngati wawongoka. Anatiuza kuti msana ukabwafuka pakati, kapena mbali ina ikakhala ngati yatsika phewa, ndiye kuti nkhani ili m'matabwa, ndipo zimenezi munthu sangazione ataima padenga penipenipo. Kenako anazungulira nyumba yonse akuyang'ana pansi, osati kumwamba: pamene madzi a padenga anakumba dothi, pamene khoma lachita ndere, pamene penti wa m'munsi mwa khoma watukusira. Atatha zimenezo m'pamene anakwera.

Koma nthawi yambiri anaithera m'siling'i. Analowera pa kabowo ka m'kolido atavala chophimba mphuno, atanyamula tochi, kamakina koyezera chinyezi cha matabwa ndi sikuludilaiva. Ine ndinangosuzumira mutu. Chinthu choyamba chimene anachita ndi kuzimitsa tochi ija, kuti aone ngati kuwala kwa dzuwa kukulowa pamalo posayenera. Panali timadontho ta kuwala tingapo m'mphepete mwa msana. Atayatsa, anayamba kubaya matabwa limodzi ndi limodzi. Thabwa labwino limakana nsonga ya chitsulo, loola limangoimeza. Chakumapeto, pamene mbali ziwiri za denga zimakumana n'kupanga kachigwa, anapeza matabwa awiri akuda bii, ofewa. M'chipinda cha kunsi kwake siling'i inali yoyera, yopanda banga. Anapezanso kuti munthu wina, poika thanki ya madzi otentha m'siling'imo, anadula thabwa lopingasa la truss, chimango cha matabwa chonyamula denga, kuti thankiyo ikwane. Bamboyo anafotokozera mlongo wanga modekha kuti truss imalimba chifukwa matabwa ake onse amagwirana, ena akukoka ena akukankha, ndipo kudula limodzi kumasenzetsa katundu anzake amene sanapangidwire katunduyo. Nyumba ija mlongo wanga anaigulabe, koma pa mtengo wotsikirapo, ndipo denga linakonzedwa asanalowemo.

Chimene ndinachokako nacho tsiku limenelo n'chakuti woyendera denga amene sanalowe m'siling'i wagwira theka la ntchito. Pamwamba pamaoneka chofunda chokha. Kunsi ndi kumene kumaoneka mizere ya madzi akale, misomali yochita dzimbiri imene inaphonya thabwa, njira za dothi za chiswe, mawaya otafunidwa ndi makoswe, ndowe za mileme, ndiponso mmene dengalo linamangiriridwira ku khoma.

Nkhani ya kumangirira imeneyi ndi yaikulu kuposa mmene timaganizira. Ambiri timaona ngati mphepo imakankha denga, koma kwenikweni imaliyamwira m'mwamba, makamaka m'makona, m'mphepete ndi pamsana. Ngati zenera kapena chitseko chasweka mbali yochokera mphepo, mpweya umadzaza m'nyumba n'kumalikankhanso kuchokera mkati. Namondwe wa Tracy atasakaza mzinda wa Darwin ku Australia pa Khirisimasi ya 1974, nyumba zambiri za mumzindawo zinawonongeka, ndipo ofufuza anapeza kuti malata ambiri anang'ambikira pa misomali chifukwa chokokedwa n'kusiyidwa kambirimbiri. Kuchokera pamenepo malamulo a kamangidwe m'madera a anamondwe a dzikolo anasintha, kuti denga lizimangiriridwa mwamphamvu mpaka ku maziko. Zofanana nazo zinaoneka ku Florida pambuyo pa namondwe wa Andrew mu 1992, kumene anapeza matabwa ofolera amene anakhomedwa mosasamala, zokhomera zina zitaphonyeratu thabwa la pansi. Nyumba zimenezo zinkaoneka bwinobwino kunja mpaka usiku umenewo. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo msomali wophonya thabwa suoneka ndi munthu amene waima pabwalo.

Denga lililonse limakalamba m'njira yakeyake, ndipo katswiri weniweni amadziwa pamene mtundu uliwonse umayambira kufooka.

Malata amapuma ndi dzuwa. Lata lachitsulo la mamita 10, kutentha kwake kukasintha ndi madigiri 50 pakati pa masana ndi usiku, limatalika n'kufupika pafupifupi mamilimita 6. Zikuoneka zochepa, koma zikamachitika tsiku ndi tsiku kwa zaka, bowo la msomali limakula, msomali umayamba kusolokera m'mwamba, ndipo kamphira ka pamutu pake kamauma n'kung'aluka. N'chifukwa chake denga la malata ooneka atsopano likhoza kudontha m'malo makumi angapo. Dzimbiri nalo lili ndi malo ake okonda: polumikizana malata pamene madzi amabisala, m'mphepete modulidwa, ndi pansi pa masamba owunjikana. Ngati amene anakhoma sanasese tizitsulo totsalira pobowola, tizitsuloto timachita dzimbiri n'kudetsa lata lonse. Pali chinanso chimene anthu wamba sitidziwa, chakuti zitsulo zina zimadyana zikakumana pa chinyezi. Malata okutidwa ndi zinki, kapena aja okutidwa ndi aluminiyamu wosakaniza ndi zinki amene anayamba kugulitsidwa mu 1972 pa dzina la Galvalume, sagwirizana ndi kopa. Madzi ongodontha kuchokera ku paipi ya kopa akhoza kudya lata pamalo amodzi mpaka kuboola. Malata a aluminiyamu ndi zinkiwo sagwirizananso ndi mtovu kapena simenti yonyowa. Munthu wosadziwa akaona bowolo amangomata phula, chaka chamawa bowo labwerera, chifukwa gwero lake ndi paipi imene ili pamwambapo.

Matailosi a simenti kapena a dongo amakhalitsa, koma ndi olemera. A simenti amalemera pafupifupi makilogalamu 45 pa sikweya mita, pamene malata amalemera cha m'ma 5. Ngati mwini wakale anachotsa malata n'kuika matailosi kuti nyumba ioneke yapamwamba, osalimbitsa matabwa, ndiye kuti matabwawo asenza matani angapo amene sanawerengeredwe. Nthawi zambiri tailosi lenilenilo limakhala lidakali lolimba pamene zothandizira zake zatha: simenti yomatira pamsana yang'aluka, pepala loyala kunsi kwa matailosi lafumbutuka, timatabwa tokolekapo taola.

Denga lafulati la konkire lili ndi mdani mmodzi wamkulu, madzi odikha. Ngati papita masiku awiri mvula itakata koma madzi adakali chikhalire, kupendeka kwake n'kolakwika kapena potulukira patsekeka. Madziwo akalowa mu konkire amakafika pa zitsulo za mkati, ndipo chitsulo chikachita dzimbiri chimatupa n'kuswa konkireyo kuchokera mkati.

Pa mitundu yonseyi, malo amene amadontha kawirikawiri si pakati pa denga ayi, koma pamene denga lakumana ndi chinthu china: khoma, chumuni, paipi, kachigwa kaja. Pamenepo pamayenera kukhala timalata topinda totsekera, timene amisiri amati flashing. Mukaona phula kapena silikoni wambiri atamatidwa pamalo oterewa, dziwani kuti wina anakhala akulimbana ndi kudontha popanda kuchiza gwero lake.

Pali mtundu wina wa denga umene ndikufuna mukhale nawo tcheru kwambiri, wa mapepala a simenti yosakaniza ndi asbestos, amene anafoleredwa pa nyumba zambiri zakale m'mayiko ochuluka. Bungwe la WHO limanena kuti mitundu yonse ya asbestos imayambitsa khansa, ndipo matendawo amadzaonekera patapita zaka makumi angapo munthu atapuma fumbi lake. Dziko la Britain linaletseratu asbestos mu 1999, mayiko a European Union mu 2005, South Africa mu 2008, koma malamulowo sanachotse madenga akalewo pa nyumba. Akakhala osasweka ndi osakhudzidwa ngozi yake imachepa. Ngozi imabwera powaboola, kuwadula kapena kuwatsuka ndi madzi amphamvu. Komanso akakalamba amaphwanyika mosavuta, moti munthu wopondapo akhoza kugwera mkati. Ndi maso okha simungasiyanitse bwinobwino mapepala a asbestos ndi ena atsopano ofanana nawo, pamafunika kukayezetsa kachidutswa ku labotale. Wogula ayenera kudziwa zimenezi asanalipire, chifukwa kuchotsa denga lotere mosamala si ntchito yotsika mtengo.

Tsono pali funso limene ndimalimva kawirikawiri: bwanji osangoitana mmisiri wokhoma madenga kuti aone, poti iye amaona ulere? Sindikunyoza amisiri, ambiri ndi anthu okhulupirika ndipo madenga amawadziwa kuposa tonsefe. Koma munthu amene amadya pokhoma denga latsopano, mukamufunsa ngati denga lanu likufunika kusintha, mwamuika pa mayesero. Chimodzimodzinso woyendera amene wabwera ndi wogulitsa kapena ndi ejenti amene akudikira gawo lake malonda akatheka. Ine ndimafuna munthu amene ndamulipira ndekha, amene alibe chondigulitsa, amene malipiro ake sasintha kaya wapeza vuto kaya sanapeze.

Chitsanzo chimodzi chikuonetsa kufunika kwake. Usiku kukazizira, mpweya wachinyezi wochokera kubafa ndi kukhitchini ukakwera m'siling'i umakakhudza malata ozizira n'kusanduka mame kunsi kwake. Mamewo amadontha, siling'i n'kuchita mabanga ofanana ndendende ndi a denga lodontha. Mwini nyumba akhoza kusintha malata onse, ndalama zambirimbiri, koma mabanga osatha, chifukwa vuto linali la mpweya wosowa potulukira, kapena fani ya kubafa imene imauzira nthunzi m'siling'i m'malo moitulutsa panja. Woyendera wodziwa amafunsa kuti kudonthako kumachitika liti, mvula ikamagwa kapena m'mawa kutazizira, ndipo amayang'ana ngati chinyezicho chili pamalo amodzi kapena paliponse.

Musaganizenso kuti poti banki yatumiza munthu wake, ndiye kuti denga laonedwa. Munthu wa banki amabwera kudzaona ngati nyumbayo ikukwanira ngongole imene mukutenga, amateteza ndalama za banki. Ngakhale woyendera nyumba yonse ali ndi malire ake. Malamulo a kagwiridwe ka ntchito a bungwe la InterNACHI, limene ndi lalikulu la oyendera nyumba ku America, amanena poyera kuti woyendera sakakamizidwa kuyenda padenga. Choncho musanalembe munthu ntchito, mufunseni mafunso osavuta: adzakwera kodi? Adzalowa m'siling'i? Ngati sangathe, adzaliona bwanji? Ali ndi inshuwalansi ya ntchito yake? Angakuonetseni lipoti limene analembera wina, atachotsamo mayina?

Masiku ano ena amabwera ndi drone, kandege kakang'ono kojambula zithunzi, ena ndi kamera yoona kutentha. Ndi zida zothandiza. Drone imafika pa denga lotsetsereka kwambiri kapena lofooka limene munthu sangapondepo. Kamera ija imagwira bwino dzuwa litangolowa, chifukwa malo onyowa amasunga kutentha nthawi yaitali kuposa ouma, ndiye amaonekera pa chithunzi. Koma drone singakoke msomali kuti imve ngati wagwira, singabaye thabwa, singamve fungo la nkhungu. Munthu akangouluza kandege kake mphindi zochepa n'kukupatsani zithunzi zokongola, mwagula zithunzi.

Chimene mumalipira kwenikweni ndi lipoti, ndipo likhale lolembedwa. Lipoti labwino limakhala ndi chithunzi cha vuto lililonse ndi malo ake enieni, osati mawu achidule akuti denga lili bwino ndithu. Limasiyanitsa zofunika kukonza lero, zimene zingadikire chaka kapena ziwiri, ndi zongofunika kuziyang'anira. Limanena maganizo a woyenderayo pa zaka zimene dengalo latsala nazo, ngakhale palibe amene angalonjeze chaka chenicheni. Ndipo gawo limene ine ndimayamba kuwerenga ndi lonena malo amene sanathe kufikako. Woyendera woona mtima amalemba kuti mbali yakutiyakuti ya siling'i inalibe polowera, kapena kuti pansi pa mapanelo a sola sanaone. Ngati nyumba ilibiretu polowera m'siling'i, pemphani wogulitsa alole kuti paboolepo. Akakana mwamtuwagalu, kukanako nakonso kukuuzani kanthu.

Lipoti lopeza mavuto silitanthauza kuti muthawe. Nyumba yopanda chilema kulibe. Chimene limakupatsani ndi pokambira. Tengani lipotilo mukafunse mitengo yokonzera kwa amisiri awiri kapena atatu, kenako mukhale pansi ndi wogulitsa muli ndi manambala m'manja. Pakati pa kuti wogulitsa akonze yekha ndi kuti atsitse mtengo, ine ndimasankha kutsitsa mtengo, chifukwa munthu amene akutuluka m'nyumba amakonza kuti malonda atheke, pamene inu mudzakonza kuti mugonemo zaka zambiri. Ngati nyumbayo ndi yatsopano, lipotilo likhale m'manja mwanu musanapereke ndalama zomaliza kwa womanga, kapena nthawi imene analonjeza kukonza zolakwika isanathe.

Kwa amene muli kale m'nyumba yanu, ntchitoyi sinathere pa tsiku logula. Kamodzi kapena kawiri pachaka, makamaka mvula isanayambe, zungulirani nyumba muyang'ane muli pansi, chotsani masamba m'ngalande, dulani nthambi zokhudza denga, ndipo suzumirani m'siling'i ndi tochi mvula yamphamvu itangogwa. Katswiri muitaneni pakapita zaka zingapo, pafupipafupi ngati denga lakalamba, komanso pambuyo pa mphepo yamkuntho kapena matalala. Muitaneninso aliyense akagwira ntchito pamwambapo, kaya woika sola, dishi ya TV kapena thanki, chifukwa mabowo ambiri a padenga amabooledwa ndi anthu amene anakwera kukachita zina. Malipoti ndi malisiti a zokonza muzisunga pamodzi. Makampani ambiri a inshuwalansi amalipira zowonongeka mwadzidzidzi koma osati zobwera chifukwa cha kukalamba kapena kusasamalira, ndiye tsiku la tsoka mapepala amenewo ndi amene adzakuikireni umboni kuti denga linali bwino mphepo isanafike.

Za kukwera nokha, ndikupemphani ndi mtima wonse kuti musatengeke. Kugwa kuchokera pamwamba kumapha ndi kulumaza ngakhale amisiri ozolowera. Ngati n'kofunika ndithu kufika pa ngalande, makwerero aime pamalo olimba, phazi lake litalikire khoma mita 1 pa mamita 4 alionse okwera, ndipo wina awagwire pansi. M'siling'i pondani pa matabwa okha, chifukwa siling'i yeniyeniyo singasenze munthu. Denga lonyowa, la mame, la ndere, kapena la mapepala akale a simenti, musapondepo n'komwe.